Thanga la a Boaventura

Ku Zóbuè kulibe nyanja. Kuli mapiri, ndi makamyau, malole akuluakulu aja, odikira mapepala pamalire. Koma mukakhala pamthunzi pomwe a Boaventura amasokerapo malona ong'ambika ofunditsira katundu, mumva za mafunde mpaka makutu kuwawa.

"Ukakhala wekha m'ngalawa, dzimangirire chingwe m'chiuno," amatero, maso ali pa singano. "Ukagwa, ngalawa sibwerera kudzakutola. Gombe lisachoke m'maso. Mtima ukangoti mphepo yakula, chepetsa thanga pompo, osayamba wakambirana nawo."

Oyendetsa makamyau amangoseka. Aseke, nanga akudziwa chiyani iwo? Munthuyu nkhondo inamuthamangitsira ku Quelimane ali mnyamata, ndipo kumeneko anakhoma ngalawa yakeyake, n'kumayenda nayo yekha m'mbali mwa gombe atanyamula mchere ndi nsomba zouma. Kenako kunamveka za malasha ku Moatize, aliyense n'kumathamangira komweko. A Boaventura anasungitsa ngalawa kwa mnzawo Ulisses, amvekere zaka ziwiri zokha. Zaka ziwiri zake ziti! Zinakwana khumi akumeza fumbi. Ntchito itatha anabwerera kwawo ku Zóbuè ndi mkazi, a Cármen, komanso chifuwa cholira ngati chitseko cha dzimbiri.

Chaka chatha Ulisses anaimba foni. Anati wakalamba, sangathenso kumata ming'alu, matabwa ayamba kuwola. Mwini wake abwere mvula isanagwe, apo ayi ngalawayo aiwaza nkhuni.

Miyezi itatu yathunthu a Boaventura analumikiza zidutswa za malona, zobiriwira, zachikasu, zina zakuda bii ndi malasha, mpaka thanga linatha. Ulendo usanachitike anafuna adziyese kaye. Anamangirira thangalo ku nsungwi yaitali, n'kuponya chingwe pa nthambi ya bulugamu kuseri kwa nyumba.

Anakoka. Thanga linafika m'chiuno, mpweya n'kuwathera. Anapuma, nakokanso, litafika m'mapewa chifuwa n'kuwagwira. Kachitatu anagwada pansi ali wefuwefu, chingwe chikuwapulumuka m'manja. Zinali zomvetsa chisoni, abale, munthu amene kale ankakweza thanga uku akuimba.

A Cármen anasiya zochapa n'kugwira chingwe kumbuyo kwawo. Thanga linakwera bwinobwino mpaka pamwamba, mphepo ya m'phiri n'kulidzaza, lonse tutumu. Linakongola, zigamba zake zomwezo.

"Mwaona, abambo? Lakwera," anatero a Cármen. "Tipite tonse basi. Ine ndizikoka, inu muziwongolera."

"Amayi, inu ndi madzi? Mtsinje wa Revúbuè womwewu mumawoloka mutatsinzina." Anayesa kuseka, koma chinatuluka ndi chifuwa. "Nanga tsiku lomwe ndidzakomoke pakati pa nyanja, mudzabwerera bwanji kumtunda? Kufa ndekha ndi nkhani ina. Kukutengani inu, ayi. Tasiyani chingwecho."

A Cármen anachisiya. Thanga linagwa pa fumbi, thapsa.

A Boaventura anakhala pansi nthawi yaitali akuliyang'ana, misozi ili chuchuchu, osaibisa n'komwe. Kenako anatulutsa foni m'thumba n'kuipereka kwa mkazi wawo.

"Muimbireni Ulisses. Mumuuze awaze. Koma nkhwangwa isagwire ngalawayo foni isanadulidwe, ndingamve."