Penti Wotsala pa Kampeni

Mng'ono wanga anali ndi bandi ya anyamata anayi, oimba nyimbo zaphokoso za magitala zimene amayi ankati zimawadwalitsa mutu. Bambo, omwe anali mkulu wa mpingo, anamupatsa mwayi umodzi wokha. Akaimbe pa holo ya ku Msundwe Loweruka masana. Anthu akadzaza, apitirize. Akapanda kudzaza, gitala ipachikidwe, iye alowe m'nazale ya fodya ngati anzake onse.

Ine nthawi imeneyo ndinkalemba zikwangwani za magolosale ku Nsaru, ndipo ndinkadzimva kwambiri. Choncho mng'ono wangayo atabwera n'kunena kuti, "Achimwene, mundipangire mapositala oti munthu akawaona aime," ndinamuuza kuti wafika.

Ntchitoyo inandidyera masabata awiri. Ndinajambula nkhope yake, dzanja lili m'mwamba litagwira gitala. Chithunzicho ndinachiboola ndi leza pa pepala lolimba, kachidutswa ndi kachidutswa, mpaka zala zinachita matuza. Kenako ndinakhomera nsalu yopyapyala ya katani pa felemu ya matabwa, n'kumata pepala lija pansi pake. Penti ndinkamukoka pansaluyo ndi chidutswa cha patapata wakale, ndipo ankadutsa m'mabowo n'kusiya chithunzi papepala loyera. Oyamba asanu anatuluka ngati pagwa phala. Ndinatukwana, ndinayambiranso. Abwino atakwana makumi atatu, pepala loboola lija linanyowa n'kung'ambika pakati, moti kuwonjezera ena kunali kosatheka. Sindinadandaule. Ndinalemba manambala pakona pa lililonse, mwamatama, ngati kuti wina adzawasunga m'sutikesi.

Penti ndiye anandipusitsa. Mnzanga wina anali ndi chitini chotsala pa ntchito ya kampeni, ndipo anandipatsa ulere. Anali wachikasu, wowala bwino, woonekera patali. Ine maso anali pa kuwalako basi. Zoti chaka chimenecho chinali cha chisankho, ndiponso kuti kwathu chikasu chinali mtundu wa chipani chimene anthu sankafuna n'kuchimva komwe, sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono. Munthu wobadwira konkuno.

Tinawamata Lolemba, pa njinga, kuyambira ku Namitete mpaka ku Mpingu. Lachinayi ndikudutsa pa Msundwe ndinapeza pamtengo patatsala timakona tinayi ta pepala. Pa khoma la chigayo chimodzimodzi. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa tomato pafupi.

"Kodi amayi, pepala linali apa lapita kuti?"

"La phungu wachikasu uja? Anyamata anang'amba tsiku lomwelo. Ameneyo asayerekeze kubwera kuno."

"Si phungu, amayi. Ndi woimba. Zinalembedwa pansi pake."

"Aa, ife tinangoona nkhope ndi dzanja m'mwamba. Nanga woimba amavala chikasu nyengo ino, eti?"

Ndinapsa mtima kwambiri, koma wokalipira panalibe. Mayiyo sananame. Ndinathamanga kukalemba ena ndi makala pa makatoni, koma ankaoneka ngati zidziwitso za mbuzi yosowa, ndipo nthawi inali itatha kale.

Loweruka mabenchi awiri akutsogolo okha ndi omwe anali ndi anthu, ambiri mwa iwo achibale. Bambo anabwera, anakhala kumbuyo chipewa chili pamaondo, ndipo anamvetsera mpaka nyimbo yomaliza. Anyamatawo anaimba bwino, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa koposa. Potuluka bambo anangouza mng'ono wangayo kuti keni yothirira nazale ili kuseri kwa nkhokwe.

Ndinkayembekeza kuti mng'ono wangayo andikalipira, ndipo ndinkafuna atatero. Patapita miyezi ndinamupeza m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii. Pamzati anali atakhomapo positala imodzi imene anaisunga, nambala yanga ija idakali pakona.

Ataona kuti ndikuiyang'ana anati, "Anali okongola, achimwene," n'kupitiriza kusoka.