Chithunzi Choyesera Kamera

Achimwene, chaka chakwana chitisiyireni. Kwathu ku Zóbuè akufuna chithunzi chanu choika pachiliza, ndiye apempha ine, wojambula wa pabanja. Mukukumbuka sitolo ija ya ku Moatize? Ndinkafuna kamera yotchipa yogwirizana ndi pulogalamu ya Linux ya m'kompyuta yanga, ndinkalumikiza iliyonse uku ndikukalipira wogulitsa. Inu munati, "Iwe, phokoso bwanji? Tandijambula ineyo tione." Munavula chisoti cha kumgodi, n'kukonza kolala, n'kumwetulira. Chithunzi chinatseguka bwinobwino. Ndinakuwa kuti, "Yatheka!" n'kuchifufuta pomwepo, poti chinali choyesera chabe.

Sitima za malasha ndajambula, maukwati a eni ndajambula, inu ayi. Ine amene sindiopa kulankhula, amayi akundiimbira, foni ikulira, ndikungoyiyang'ana.