Buku Limene Amalume Anasuta Mathero Ake

Ndikukumbukira fungo la chigafa chathu ku Chulu kuposa nkhope za anthu ena amene ndinakula nawo. Fodya wa bale akamauma pamikangala amatulutsa kafungo kotsekemera koma koyabwa kukhosi, ndipo utomoni wake umakakamira m'zala mpaka kuda bii, sopo osauchotsa. M'chigafamo ndi mmene tinkatha miyezi ya dzinja, tili chikhalire pamasaka, kusoka masamba ndi singano zazitali, mvula ikudontha m'mbali mwa denga. Ndi mmenemonso ndinayamba kupita kumwamba, kudutsa mwezi, ndisanafike ngakhale pa boma la Kasungu.

Amene ankatitengera kumeneko anali achemwali anga a Esinati. Chaka chimenecho anali atamaliza Fomu 2, atakhoza bwino lomwe, koma abambo anati ayambe akhala kaye pakhomo chifukwa fodya amafuna manja. Tonse tinkadziwa kuti "kaye" wa abambo amatalika. Kunali kutabweranso anthu a ku Kaomba kudzafunsira mbeta, ndipo abambo anawauza kuti adzawayankha akagulitsa fodya. Choncho achemwali anali pakati pa sukulu ndi banja, ndipo wosankha sanali iwo.

Bukulo analipeza pamzere wa feteleza wa makuponi. Anapita ndi abambo kukasungira malo, ndipo mzere wa zaka zimenezo unali wofika mbandakucha n'kubwerako dzuwa litapendeka. Pafupi ndi pamzerepo panali golosale ya Che Amidu, amene ankang'amba mabuku akale n'kumakulungira soda ndi mchere. Achemwali ataona buku lina lachingerezi lokhuthala, pachikuto pali chombo chooneka ngati mtondo wovala mkombero wa njinga, anapempha. Che Amidu anaseka, nati, "Tengani mwanangu, mapepala akewo ndi opyapyala, mchere umaboola." Abambo anabwera ndi thumba la feteleza, achemwali ndi buku, ndipo aliyense ankayenda ngati amene wapeza chamtengo ndi iye.

Mmene zinkachitikira n'kuti achemwali ankawerenga masana popuma, kenako tikabwerera m'chigafa ankatifotokozera m'Chichewa, zala zikugwira ntchito. Nkhani yake inali ya anthu amene dziko lawo linauma, nakwera chombo chachikulu kupita kukafuna lina kuseri kwa nyenyezi. Ulendowo unali wautali moti amene ananyamuka sakanafika, ofika akanakhala zidzukulutudzi zawo. M'chombomo munali minda, dzuwa lake la magetsi, mvula yake yotsegula ndi kutseka ngati mpopi. Ine ndinkangoti kukamwa yasa, singano itaima. Munthu kubadwa, kukula, kukwatira, kufa, osapondapo dothi lenileni! Ndikatuluka panja madzulo ndinkayang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa, ndipo thambo la ku Chulu, lomwe lilibe phiri lolitchinga, linkandiopsa ndi kukula kwake.

Mayina a anthu a m'bukumo anali opotola lilime, ndiye achemwali anangowapatsa athu. Woyendetsa chombo anali Kapitawo. Mayi wina wotsimphina, wosunga mbewu zokadzala kudziko latsopanolo, anamutcha Nabanda. Chakudya chitayamba kuchepa, anthu ankalandira moyezera, ndipo achemwali anati ankalandira ndi makuponi. Pamenepo amalume anga a Gostino, mlongo wawo wa amayi, amene ankatithandiza fodya chaka chimenecho, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iii, Esinati! Kumwambakonso kuli makuponi? Ndiye mayina amalemba ndani? Mwanayu akungopeka, alamu. Chingerezi chakecho n'cha gudumoning'i basi."

Abambo ankakhala chakumapeto kwa chigafa atatifulatira, ngati nkhani za ana sizikuwakhudza. Koma tsiku limene achemwali anafika pamene njala inavuta m'chombomo, anthu n'kupita kwa Nabanda kukamuumiriza kuti atulutse mbewu adye, iye n'kugona pakhomo la nkhokwe n'kunena kuti ayambe apha iyeyo, ndinaona manja a abambo ataima. Ndinadziwa chifukwa chake. Pa njala yaikulu ija ya zaka zingapo m'mbuyomo, abambo anabisa chimanga cha mbewu m'denga, ife tikulira ndi njala pansi pake, ndipo amayi anakhala masiku osawayankhula. Nkhaniyo panyumba pathu sinkatchulidwa. Tsiku limenelo inatchulidwa ndi buku la mzungu, ndipo m'chigafa munangomveka madontho a mvula.

Tsoka linagwa titatsala pang'ono kufika. Achemwali anatsegula buku masana ena n'kupeza kuti mapepala akumapeto kulibe, kwangotsala timizere ta ulusi. Sitinafufuze nthawi yaitali. Amalume anali pansi pa mtengo wa mango, akufuka utsi wa chingambwe, ndipo pandudu yawo pankaoneka zilembo zachingerezi. Sanachite n'komwe manyazi. Anati iwo anayambira dala kumapeto kuti asasokoneze pamene tikuwerenga, ndipo ankaganiza kuti fodya atha kusokedwa tisanafikeko. Anawonjezera kuti pepala lake linali labwino kwambiri, losazima. Ine ndinalira ngati kwagwa maliro. Chombo chinali chitangoona kadontho kowala kutsogolo, Nabanda akudwala, ndipo zotsalazo zinali zitakwera kumwamba ndi utsi.

Inali nthawi yosankha fodya, mvula itatha, pamene ndinatumidwa palafini kwa Che Amidu. Kuseri kwa golosale yawo anali ndi kanyumba koonetseramo mafilimu, ndipo pachitseko pake anali atamatapo chithunzi. Ndinachizindikira ndisanafike pafupi: mtondo uja, ndi mkombero wake. Ndinathamanga njira yonse, botolo lopanda kanthu, ndipo popeza pakamwa panga sipankasunga kanthu, ndinalengeza pamaso pa onse kuti buku la achemwali lili pa filimu, tsopano amalume aona okha kuti si zopeka.

Abambo anatembenuza tsamba la fodya m'manja, naliika pamulu wake. "Chabwino," anatero. "Loweruka tikaone. Zikakhala zomwezo, ndiye kuti sukulu ija inalowa. Zikakhala zina, tiwayankhe a ku Kaomba." Ananena ngati nthabwala, koma nthabwala za abambo zinkasanduka lamulo. Amalume anathira ndemanga kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, mnyamata wa ku Kaomba ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Achemwali anandiyang'ana, ndipo ndinazindikira kuti mlomo wanga waika moyo wawo pachiswe.

Loweruka masana tinalowa m'kanyumbako anthu anayi, abambo atavala jekete la kutchalitchi. Munali mdima wa mapepala akuda apulasitiki, fungo la thukuta ndi chinangwa chokazinga, jenereta ikulira kuseri. Anyamata a pamsika anasuntha pabenchi mwaulemu wodabwa, poti akuluakulu sankalowa m'malo otere. Abambo anauza achemwali kuti asamasulire kanthu, aona okha ndi maso awo.

Ndiyeno kanema anayaka. Sindinaonepo chinthu chotero, ndipo sindikhulupirira kuti ndidzachionanso. Mdima wopanda malire, nyenyezi zochuluka kuposa za mwezi wa Juni, kenako chombo chija chikutuluka pang'onopang'ono kuchokera pamwamba pa galasi, chikungobwerabe, chosatha, mkombero wake ukuzungulira mwakachetechete. Phokoso lake linkanjenjemeretsa benchi. Ndinagwira mkono wa achemwali, ndipo nawo unali ndi tsembwe. Abambo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Koma chisangalalo sichinakhalitse. Kapitawo, amene m'buku anali nkhalamba yadazi, apa anali mnyamata wa minofu wonyamula mfuti. Kunatulukira chilombo cha miyendo yambirimbiri chimene achemwali sanachitchulepo ngakhale tsiku limodzi. Anthu ankangothamangitsana m'makonde, zitseko zikuphulika. Munda sunaoneke, mvula ya pampopi sinaoneke, nkhokwe sinaoneke. Mayi wotsimphina panalibe. Panali mtsikana wina wokongola woyenda bwinobwino, wovala kathumba pakhosi, amene ntchito yake inali kukuwa ndi kupulumutsidwa.

"Munda uja uli kuti, Esinati?" amalume ananong'oneza mokweza kuti onse amve. "Kapena wadyedwa ndi chilombochi?" Anyamata anaseka osadziwa n'komwe chimene akuseka. Achemwali anaweramitsa mutu. Ine ndinasiya kuonera, ndinkangoyang'ana nkhope ya abambo ikusintha mitundu ndi kuwala kwa kanema. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kuona ngolo ya ku Kaomba itaima pakhomo pathu.

Chilombo chitaphedwa, anyamata ena anayamba kudzuka, poti kwa iwo filimu inali itatha. Chombo chinatera. Chitseko chinatseguka, kuwala kunalowa, ndipo kunja kunali chigwa chachikulu chosalala cha dothi lofiira ngati katondo wathu, pamwamba pake madzuwa awiri, lalikulu ndi laling'ono. Anthu a m'chombo anatuluka akutchinga maso, akuponda mwamantha ngati ana ophunzira kuyenda. Mtsikana uja anagwada, navula kathumba kake, nakhuthulira m'dzanja. Zinali mbewu, zochepa, zofota. Anaboola dothi ndi chala.

"Mbewu zija!" Anali mawu a abambo, ndipo anali ataimirira, mutu utagunda pulasitiki wa kudenga. "Sanadye! Nabanda uyo, sanawapatse!"

Mnyamata wina kumbuyo anafunsa kuti mbewu zake ziti, poti filimu yonse sinanenepo za mbewu. Abambo anatembenuka n'kuyamba kufotokozera kanyumba konse: za njala ya m'chombo, za makuponi, za mayi amene anagona pakhomo la nkhokwe. Anafotokoza osaphonya kanthu, mpaka mawu enieni amene achemwali ankagwiritsa ntchito. Munthu amene miyezi yonse ija anatifulatira! Che Amidu anasuzumira pakhomo kudzaona chimene chachitika, ndipo anabweza filimuyo pang'ono kuti anthu aonenso dzanja lija tsopano akudziwa tanthauzo lake. Ulendo wachiwiriwu palibe anaseka.

Pobwerera, dzuwa likupendeka paminda yokololedwa, abambo ankayenda patsogolo akukankha njinga ndipo ankayankhula kuposa mmene ndinawamverapo. Anati opanga filimu ali ndi maso koma alibe mimba: anthu zaka zonsezo m'chombo ankadya chiyani, mfuti? Anati chombo ndiye anachikhoza, madzuwa awiri ajanso anawakhoza, koma kumuchotsa Nabanda mwendo wake wotsimphina kunali kumubera. Achemwali anayankha mwamanyazi kuti iwo chilombo chija sichinawanyanse kwenikweni, ndipo anatsutsana mpaka pa dambo, ngati anthu amsinkhu umodzi. Kenako abambo anaima n'kuyang'ana amalume. "Alamu, inu munasuta dziko lathunthu ndi madzuwa ake awiri." Za ku Kaomba sanazitchule. Fodya atagulitsidwa, anabwera ndi nsalu ya yunifolomu, naiika pamphasa pafupi ndi achemwali.

Lero zinthu zinasintha. Kanyumba ka Che Amidu kanasanduka potchajira mafoni, ndipo ana anga amaonera zombo za m'mlengalenga padzanja, akutafuna chimanga, osadabwa ngakhale pang'ono. Chigafa chathu chinagwa, poti abambo anasiya fodya n'kuyamba soya. Achemwali ndi mphunzitsi wa sekondale, ndipo ine ndi iwo timakanganabe pafoni za buku limene aliyense akuwerenga ndi mmene a filimu aliwonongera. Ine ndimakhululukira mafilimu msanga, iwo ayi. Koma sindinamvenso tsembwe ngati la tsiku lija, mwina chifukwa masiku ano palibe chimene timachidikira miyezi.

Zaka zingapo zapitazo achemwali anapeza buku lija lathunthu pa kaunjika wa mabuku mumzinda, nabwera nalo kumudzi. Abambo maso anali atayamba kuchita khungu. Tinakhala pansi pa mango uja, amalume nawonso alipo, ndipo achemwali anamasulira mapepala amene anasutidwa. M'bukumo Nabanda sanafike. Anamwalira chombo chisanatere, ndipo amene anadzala mbewu zija anali kamtsikana kamene iye anakaphunzitsa.

Abambo anasisita chipewa pabondo. "Ndiye a filimu aja anangomumvera chisoni," anatero. Kenako anafufuza dzanja la achemwali n'kuligwira. "Koma bukuli lanena zoona. Tawerenganinso pamenepo, aphunzitsi."