Yankho ndili nalo kale, ndikufuna njira

Lolemba lapitali ndili pa golosale ya a Saidi pano pa Mitundu, wina anandigwira paphewa. Kutembenuka, anali a Nkhoma, aphunzitsi a masamu pa sekondale ina yoyendera kuno kwathu. Ankaphunzitsa limodzi ndi malemu mkazi wanga, Tiyamike, yemwenso anali wa masamu.

"Achimwene, mwandipeputsira ulendo," anatero. "Ndimati ndikupezeni kunyumba. Nkhani yake ndi ya mlamu wanu uja."

Mlamu wangayo ndi Yankho, mng'ono wake wa Tiyamike. Ali Fomu 2. Tinakamutenga kwawo ku Nathenje akadali ku pulayimale, ndipo chimwalirireni mkulu wake chaka chatha, akukhalabe ndi ine chifukwa sukulu ili pafupi.

A Nkhoma anafotokoza kuti asankha ana ochepa amene masamu sawavuta, ndipo akufuna kuwayendetsa paokha. Anzawo awatcha kale dzina, akuti "a liwiro". Teremu ikubwerayi anawo ayamba masamu a Fomu 3. Zotsala za Fomu 2 akawerenge okha pa holide. Azikumana m'mamawa ena asanafike, ndi Loweruka lomwe. Pofika Fomu 4 adzakhala akulimbana ndi masamu apamwamba aja amene ana ochepa okha amalemba, omwe amathandiza munthu akafuna za uinjiniya ku koleji.

"Mwana uja mutu ulipo," anatero a Nkhoma. "Koma wandiyankha kuti akaganize kaye. Kuganiza chiyani? Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pofika Lachisanu ndikhale nditamva, chifukwa tikanyamuka sitiimanso panjira."

Kenaka anatsitsa mawu. "Madamu akanakhalapo, akanavomera pompano."

Ndinanyamula shuga wanga n'kutsanzika.

Mwaona momwe anthu amadziwira bwino maganizo a omwalira? Ine ndinakhala naye nyumba imodzi, koma sindingalumbire kuti akanati chiyani. Chimene ndikukumbukira n'chakuti Tiyamike sankakondwera ndi mwana wothamangira kumapeto. Masana akamachonga ntchito ya ana pakhonde, akapeza wina wangolemba nambala yolondola popanda kuonetsa momwe waipezera, ankaseka yekha.

"Yankho ndili nalo kale ine," ankatero, akuloza mng'ono wake. "Si ilo likutsuka mbale apo? Ndikufuna njira."

Yankho ankayankha ali chogwada pa beseni: "Achemwali, dzina langa mulilipire lendi."

Nthabwala imeneyi ndinaimva kambirimbiri mpaka inandikola. Lero ndikanakonda itandikolanso.

Pobwerera kunyumba Lolemba lija, mtima wanga unali utavomera kale, ndipo chifukwa chake sichinali uinjiniya. Mwezi watha amalume ake a Tiyamike anandiitana ku Nathenje. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo n'kuyankhula mwaulemu wonse.

"Bambo, mwatisungira mwana, tathokoza. Koma inunso ndinu mwana. Tikakolola tikusudzulani, mukaone zina. Yankho akalemba mayeso a Fomu 2 abwere kuno, sukulu iliponso. Mtsikana akukula uyu, ndipo pakamwa pa anthu mukupadziwa."

Sanalakwe. Kusudzula ndi chifundo: abale a malemu amamasula wotsala kuti asakhale womangika moyo wake wonse. Koma kwa ine tanthauzo lake linali lakuti m'nyumba muja simudzatsalanso munthu woseka ngati Tiyamike, kapena woyamba chiganizo ndi "iyayi, taimani kaye" ngati iye. Tsono gulu la a Nkhoma linabwera ngati mvula pa chimanga chofota. Mwana wofunika kukhala m'kalasi m'mamawa ndi Loweruka sangachokere ku Nathenje. Amalume sakanatsutsana ndi sukulu.

Tiyeni timusiye kaye Yankho, tidziyang'ane tokha.

Tinayamba liti kuona ngati mwana wochedwa ndi mwana wotayika? Kwerani minibasi yopita m'tauni mumve makolo. "Wanga wadumpha kalasi." "Wanga walemba mayeso a Sitandade 8 ali mu 7." Amanena monyadira ngati mlimi amene fodya wake wagulidwa tsiku loyamba. Holide inatha kalekale, inasanduka teremu yachinayi. Mwana akafika Fomu 1 ali wamng'ono kuposa yunifolomu yake, timaomba m'manja. Palibe amene amafunsa kuti zimene anadumphazo adzabwerera liti kukazitola.

Musandimve molakwa. Liwiro lili ndi malo ake, ndipo a Nkhoma si munthu wolakwa. Ndaonapo ana anzeru akufota m'kalasi chifukwa chodikira anzawo chaka chonse pa chinthu chimene iwo anachimva tsiku loyamba. Mtsikana wotopa ndi kudikira, kuno kumudzi, pali anthu ambiri okonzeka kumupezera chochita china. Ana a m'masukulu olipira a m'tauni masamu apamwambawo amawapeza mosavuta, pomwe athu kuno ambiri sanawamvepo n'komwe. Mphunzitsi amene akudzuka m'mamawa mwa kufuna kwake kuti akonze zimenezi ndi wofunika kumuthokoza.

Koma kuthamanga sikufika. Ndipo chizolowezi chothamangitsa anzathuchi sichithera kusukulu. Ine amene ndikudziwa. Maliro atangotha, anzanga ku ofesi anayamba ndi "limbani mtima". Posakhalitsa inakhala "moyo umapitirira". Pano afika pa "Aise, sunaonebe wina?" Onse amandifunira zabwino. Onse aona kale yankho, ndipo akudabwa kuti ndikuchedwa chiyani ndi njira.

Lachitatu nditaweruka ndinapeza Yankho pakhonde akusankha nyemba. Ndinakoka kampando.

"A Nkhoma akuti ukuwazengereza."

"Akuuzani?"

"Andiuza. Ukuopa kudzuka m'mamawa?"

"Ine? Amene amagona mpaka tambala kutopa ndani m'nyumba muno, alamu?"

"Nanga vuto n'chiyani?"

Anatola kamwala m'nyemba n'kukaponya pabwalo. Anatolanso kena.

"Mukukumbukira masamu aja achemwali anayamba kundiphunzitsa asanadwale? Ofuna zinthu ziwiri zosadziwika nthawi imodzi, x ndi y?"

Ndinakumbukira. Yankho anali Fomu 1 nthawi imeneyo, ndipo mutuwo ndi wa Fomu 2. Tiyamike ankamutsogoza pang'onopang'ono pakhonde lomweli, masiku amene akufuna, osati mwa lamulo.

"Anati sungazigwire zonse ziwiri pamodzi," anapitiriza Yankho. "Umayamba wachotsa y, upeze x. Ukamupeza, umabwerera kukatenga y uja unamusiya. Kuchotsako anandionetsa. Anati zobwererazo tidzachita mawa."

Mawa lakelo ndi limene tinapita naye kuchipatala.

"Koma iwe zimenezo ukuzidziwa," ndinatero. "Ungazichite utatsinzina."

"Ndikuzidziwa, alamu. Ndinaziona m'buku kalekale. Koma mutu umenewo ndi wa teremu ikubwerayi, ndipo a liwiro akuudumpha. Akuti tikawerenge tokha pa holide." Anagwedeza lichero. "Ine sindikufuna kuwerenga ndekha. Ndikufuna munthu aime kutsogolo ndi choko, ayambire pamene achemwali anasiyira, afike nazo kumapeto. Ine ndikhale pansi ndizimvetsera ngati sindikudziwa."

Ndinali ndi mawu ambiri okonzeka. Za koleji, za tsogolo, za mwayi umene subwera kawiri. Onse anali oona. Ndinamuuza ena mwa iwo, chifukwa mwana ayenera kudziwa chimene akusiya.

"Ukakana, khomo limenelo mwina silitsegukanso. Ndiponso ukudziwa zimene amalume ananena. Ukalemba mayeso ukupita ku Nathenje."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

Anandiyang'ana koyamba. "Inu mukufuna ndilowe chifukwa cha masamu, kapena chifukwa mukuopa kudya nokha?"

Ana a masiku ano alibe mantha. Mkulu wake analinso chimodzimodzi.

"Zonse ziwiri," ndinatero.

"Ndiye chotsani chimodzi kaye, alamu."

Lachisanu ndinapita kusukulu nthawi yopuma. A Nkhoma anali pansi pa mthethe, manja ali mbuu ndi choko. Ndinawauza kuti mwana wakana, ndipo ine sindimukakamiza. Ndinawafotokozera chifukwa chake mwachidule. Kenaka ndinafunsa ngati angadzalowe m'gululo mutu umenewo ukatha.

Anapukusa mutu. "Achimwene, ndili ndekha. Tikadzafika pamenepo anzake adzakhala ali kutali. Ndibwerere chifukwa cha mwana mmodzi? Mukumuchedwetsa mwanayu."

Mwina akunena zoona. Mwina Yankho adzandiimba mlandu akadzakula, kuti ndinali wamkulu ndipo ndikanamukankha. Ndilibe umboni woti ndachita bwino, ndipo sindikulemba izi kuti mundiombere m'manja.

Funso langa likupita kwa inu amene mumakonza za maphunziro, ndi kwa ife makolo amene timakusangalalirani. N'chifukwa chiyani basi ya ana anzeru imakhala ndi siteji imodzi yokha? Mwana wa Fomu 2 akhoza kukhala ndi maliro m'nyumba. Akhoza kudwala malungo, kapena kusowa sukulu mwezi wathunthu akudwazika mayi ake. Wina nzeru za masamu zimamutsegukira mochedwa, ali Fomu 3. Onsewa tiziwauza kuti pepani, tinanyamuka kale? Ngati tikufunadi ana athu afike patali, njira yolowera mochedwa iyenera kukhalapo, ndipo katundu wake asasenzedwe ndi mphunzitsi mmodzi wodzipereka. Tisamayese nzeru za mwana ndi tsiku limene anali wokonzeka kuthamanga.

Ndisanachoke kusukulu kuja ndinawapempha a Nkhoma kanthu kamodzi. Ndi iwo omwe adzaphunzitse kalasi yotsalayo teremu ikubwerayi.

"Tsiku limene mudzafike pobwerera kukatenga y, chonde musadzafulumire."

Anapukuta manja pa thalauza. Choko sichinachoke.

"Madamu ankandinena kuti ndimadumpha masitepe pa bolodi," anatero. "Ndidzalemba onse."

Chimanga chayamba kuuma m'minda ya kuno. Akakolola ku Nathenje adzandiitana, ndipo ndidzapita nditavala jekete, n'kukathokoza monga mwa mwambo. Mayeso akatha Yankho adzalongedza chikwama chake. Zonsezi ndikuzidziwa, palibe chifukwa chondikumbutsa pa golosale kapena ku ofesi.

Yankho ndili nalo kale, abale anga. Pakadali pano likusankha nyemba pakhonde. Mungandilole ndilembe njira?