Ndinasiya Masola a Mudzi N'kupita Kumaliro

Madzi a m'mudzi mwathu anatha chifukwa cha ine. Ndayamba dala ndi mawu amenewa, chifukwa kwa zaka ziwiri ndakhala ndikuwazemba, n'kumangoti akuba, akuba, ngati kuti akubawo anapeza munthu pageti.

Kwathu ndi kumapiri kuno kwa Kanduku, ku Mwanza. Kale amayi ankatsikira kumtsinje kukatunga madzi, n'kumakwera chitunda ndowa ili pamutu. Kenako kunabwera bungwe lina, linatikumbira chitsime chakuya n'kuikapo pampu yoyendera dzuwa, masola ake ndi thanki, zonse mumpanda wa waya. Madzi anayamba kutuluka pampopi pakati pa mudzi. Abale inu, tinavina! Mlangizi wa bungwelo, mayi wina wochokera ku boma, anatiuza mosabisa kuti m'midzi ina masola anabedwa. Anati tikasamala athuwa chaka chathunthu adzatikokera mapaipi mpaka kusukulu, koma akabedwa sadzabweretsanso ena. Choncho tinagwirizana zolondera mosinthana, ndipo masana pankakhala munthu mmodzi.

Tsiku langa lolondera linakumana ndi maliro. Anamwalira bambo ena achikulire kuseri kwa phiri, ndipo mudzi wonse unakhamukira kumeneko. Inu owerenga mukudziwa mmene zilili kumudzi. Munthu wojomba kumaliro anthu samuiwala, ndipo zikadzamugwera kwake adzukulu okumba manda amamukumbutsa. Komabe ndinakhala pansi pa thanki paja, mtima uli m'mwamba.

Cha m'ma teni anadutsa alamu anga, khasu lili paphewa.

"Alamu, anthu akukaika munthu, inu muli pano kulera zitsulo? Chabwino, tsiku lanu adzakukumbirani masolawo."

Anaseka n'kumapita. Mawu aja anandilasa, chifukwa ine vuto langa ndi limenelo, sinditha kupirira kunenedwa. Ndinadzifunsa kuti wakuba wake uti angabe dzuwa likuswa mtengo chonchi? Ndinakhoma loko, kiyi m'thumba, ulendo.

Kumanda ndinagwira nawo khasu, anthu anandiona, mtima unakhala pansi. Panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale a komiti ya madzi, amene anandifunsa kuti kumasola ndasiyako ndani. Tonse tinkaona ngati ndachita zaumunthu.

Nditabwerera cha m'ma folo ndinapeza loko ali chikhomere, koma waya wa mpanda atadulidwa kumbuyo. Masola onse psiti, nthambo zikungolendewera, pansi pakuoneka modutsa matayala a galimoto. Kalanga ine! Ndinangokhala pafumbi pompo. Pambuyo pake tinamva kuti dzulo lake anthu achilendo ankafunsa pamsika wa Thambani kuti maliro a kwathu aikidwa nthawi yanji. Akuba a masiku ano amatchera khutu uthenga wa maliro kuposa achibale.

Tinakanena kupolisi, anabwera, anafufuza, koma katunduyo sanapezeke. Mlangizi uja atafika sanakalipe. Anangofunsa kuti wolondera tsikulo anali ndani. Ndinaimirira pamaso pa mudzi wonse. Mapaipi a kusukulu anapita kudera lina. Ngakhale njerwa zimene tinayamba kuumba zomangira malo a sikelo ya ana anthu anazisiya, ati tivutikirenji poti zikatha adzabanso malata.

Amayi anabwerera kumtsinje. Mvula ya chaka chatha itayamba, mkazi wanga anaterereka pachitunda ndowa ili pamutu, n'kuthyoka mwendo. Anagonekedwa kuchipatala ku boma, ndipo mpaka lero amayenda ndi ndodo. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Zimandiwawa koopsa, bola akanandilalatira.

Inu owerenga, ngati kwanu kuli chitukuko, khalani pansi lero, maliro asanagwe. Mugwirizane kuti wolondera sachoka pamalo, zivute zitani, ndipo pamaliro pomwepo pazilengezedwa kuti uje tamusiya dala kuntchito ya mudzi, wina asamunene. Nanunso amene muli ndi pakamwa pothwa, ganizani musanaseke munthu amene akusunga katundu wa tonse. Manyazi a tsiku limodzi ndikanangowameza.

Panopa madzi a pakhomo panga ndimatunga ndine, m'mawa uliwonse, zigubu ziwiri. Ndikafika kumtsinje amayi onse amasiya kucheza mpaka nditachoka.