A Zeferina ndi Nyumba Yosagulika

Palibe mayi ku Ulongwe kuno amene wakhala m'nyumba zabwino zambiri kuposa a Zeferina. Kungoti iliyonse ankaikhala isanathe. Ankalowa makoma ali osapaka, malata ali pa chipinda chimodzi chokha, ndipo ankatuluka amisiri akabwera kudzaika magalasi m'mazenera.

Anabadwira ku Lifidzi. Nkhondo itavuta anathawira ku Dedza ali mtsikana, ndipo pobwerera anapeza munda wa kwawo ukulimidwa ndi anthu amene anafulumira kubwera. Sanakangane nawo. Anakwatiwa ndi a Benedito, bambo wanthabwala amene ankawolotsa matumba pa njinga pa malire a Kalomwe, chimanga chopita uku, sopo wobwera kuno. Njingayo inawadyetsa mpaka chifuwa cha a Benedito chinayamba kulira ngati mvukuto. Ana anali atakula n'kupita kukasaka zawo kutali. Awiriwo anabwera m'tauni ndi mphasa, mabulangete ndi mbaula.

Anafika pa nthawi yake, chifukwa tauni inali itayamba kutupa. Ogwira ntchito m'migodi ya malasha, kumunsi kotentha kuja, anatulukira kuti kuno kuli kamphepo kozizira ndipo malo ndi otsika mtengo. Amalonda odutsa pa Kalomwe anaona kuti kuchokera pano Lilongwe ali pafupi kuposa Tete, ndiponso kuti ndalama yomangira khonde kumeneko imamanga nyumba yonse kuno. Minda ya nyemba ya m'mbali mwa msewu inadulidwadulidwa n'kupatsidwa dzina latsopano, talyau. Aliyense ankafuna talyau yake. Koma eni ake sankakhala kuno. Ndalama ikapezeka ankatumiza simenti, amisiri n'kukweza khoma pang'ono, ndalama n'kutha, nyumba n'kudikira chaka china. Ndipo nyumba yodikira imafuna munthu. Ukaisiya yokha, zitsulo ndi matabwa zimamera miyendo, mbuzi n'kutenga chipinda chochezera.

Pangano lake linali la mawu awiri: "Muzikhala ulere." A Zeferina ankawomba m'manja kuthokoza. Mu ulerewo munali kutunga madzi kuchitsime othirira mabuloko m'mawa ndi madzulo kuti asang'aluke. Munali kunyamula matumba a simenti kuwaika pa matabwa mvula ikayandikira, kuphikira amisiri ndiwo za m'dimba lawo lomwe, kutola misomali, kutseka mazenera ndi masaka mwezi wa chisanu. Zinazo palibe anawatuma. Ankazira pansi pomwe simenti sinafike. Zitini za penti zikatha ankadzalamo maluwa n'kuzindandalika pakhonde. Dzuwa lisanatuluke bwalo linali litasesedwa mpaka kumsewu, mizere ya tsache ikuoneka ngati tsitsi lopesa.

Nyumba yoyamba mwini wake anabwera kudzaiona, anaima pabwalo n'kunena kuti sankadziwa kuti ndi yokongola chonchi. Mwezi usanathe anasamukiramo. Yachiwiri inagulidwa. Yachitatu inagulidwa nyemba za a Zeferina zili maluwa, ndipo anazikolola ena.

Amene anazindikira chinsinsi chake anali Ezequiel, komisiyonista wa m'dera lathu, ndiye kuti munthu wopezera nyumba ogula n'kudyapo pake. Amayenda pa njinga yamoto, mafoni awiri m'thumba, nsapato zosongoka. Iye anaona kuti nyumba yosungidwa ndi anyamata imakhala zaka ikununkha utsi ndi mkodzo, pamene ya a Zeferina imangofunika kuijambula pa foni. Choncho akawatulutsa m'nyumba ina, ankawapezeranso ina yekha, ndipo anthu ankamuyamikira kuti ndi mwana wachifundo.

"Amayi awa ali ndi dzanja labwino," ankatero.

"Dzanja ndi lawo, m'thumba ndi mwako," ankayankha a Benedito ali pa mphasa padzuwa. Kenako ankatembenukira kwa akazi awo. "Mayi, tachepetsani tsachelo. Simukuona kuti mukusesa ife tomwe?"

A Zeferina ankaseka n'kupitiriza. Bwalo lauve linkawayabwa m'thupi.

Ine ndinawadziwa atasamukira moyang'anizana ndi kwathu, m'nyumba ya a Arcanjo, msuweni wa a Benedito amene amagwira ntchito ku Tete. Tinalinso mphakati umodzi ku tchalitchi. Nyumbayi inali yabwino kuposa zonse zam'mbuyo: malata paliponse, zitseko zenizeni, chipinda chochezera chachikulu ngati kalasi. A Arcanjo sanaimangire kukhalamo. Ankadikira mtengo ukwere. A Zeferina anandiuza tsiku lina tili kuchitsime kuti sakufuna zambiri, akungofuna kuti mvula ziwiri zotsatizana ziwapeze pansi pa denga limodzi. Miyendo inali itayamba kukana, ndipo a Benedito sakanathanso kusenza ngakhale mbaula.

Chisanu cha chaka chimenecho chinabwera ndi chifunga chosachoka mpaka masana, ndipo chifuwa cha a Benedito chija chinakula. Nthawi yomweyonso Ezequiel anapeza wogula, a Timóteo, wamalonda a mbatatesi amene malole ake amadutsa pa Kalomwe. Zithunzi zinawasangalatsa. Chinatsala n'chakuti akazi awo, a Nércia, adzaione ndi maso.

A Arcanjo anakwera kuchokera ku Tete kudzakonzekera. Atangolowa anamva kutsokomola kuchipinda chakumbuyo, ndipo anaima chilili kumvetsera. Tsiku lomwelo munthu amene sanagulirepo msuweni wake ngakhale shuga anasanduka m'bale weniweni. Anawanyamula pa galimoto yake kupita nawo kuchipatala, anagula mankhwala, anagula bulangete latsopano, anasiyanso ya mkaka. Amayi tonse tinati magazi ndi magazi.

"Asuweni, mukandizoloweza," anatero a Benedito akukwezedwa m'galimotomo. "Mpando wofewa chonchi, ndikhoza kudwala chaka chonse."

Ezequiel ndiye anatulutsa mawu pa golosale, mowa utamufewetsa lilime. Anati nyumba yatsopano siyenera kufera munthu mwini wake asanagonemo. Ikatero, palibe amaifunanso.

A Benedito anamwalira kuchipatala Lachisanu m'mawa, monga mmene a Arcanjo anakonzera, kunja kwa nyumba yawo. A Arcanjo anali atabwerera ku Tete. Anaimba foni kupepesa, analonjeza bokosi, ndipo mtima wawo unakhala pansi. Anali atakhalitsa mumzinda, kumene mtembo umachoka mosungira mitembo kupita kutchalitchi, kuchoka apo kumanda. Anaiwala kuti kuno munthu sapita kumanda asanabwerere pakhomo pake kudzaliridwa.

Palibe amene anachita upo. Sitinafunsane n'komwe. Pakhomo pa a Benedito panali pomwe ankagona, ndipo tonse tinkapadziwa. Amayi a mphakati tinatulutsa zitini za penti ndi makwerero m'chipinda chochezera, tinayala mphasa, ena anapita kokatunga madzi, ena kokatola nkhuni. Abambo anadula nthambi zaziwisi n'kuziyala mumsewu mbali zonse ziwiri, kuti wodutsa adziwe kuti pano pali zovuta. Pofika Loweruka m'mawa bokosi linali pakati pa chipinda, a Zeferina ali chakumutu kwake, kwaya ikuyimba pakhonde.

Loweruka lomwelo ndi limene Ezequiel anapangana ndi ogula. Anali atamva kuti mkuluyo wathera kuchipatala, ndipo kwa iye nkhani inali itatha bwino. Anakawachingamira ku msika n'kuwatsogolera pa njinga yake. Tinamva kulira kwa njingayo, kenako inazima pa nthambi paja. Kumbuyo kwake kunaima galimoto yoyera.

A Nércia anakulira pa mishoni, ndipo mwambo amaudziwa. Munthu sabwerera pa nthambi ngati wawona njoka. Anatulutsa chitenje cha kapulana m'chikwama, anamanga pamwamba pa diresi, anavula nsapato pakhomo n'kulowa chowerama. Tinawasunthira malo. Anakhala pansi pakati pathu, miyendo atatambasula, n'kulowa m'nyimbo ndi mawu abwino ndithu. Koma ndinawaona maso akuyenda. Anayang'ana kudenga, anayang'ana mazenera, anayeza khoma, kenako maso anabwerera pa bokosi n'kukhala pomwepo.

Wina ananong'oneza a Zeferina kuti mlendoyo ndi ndani. Iwo anapukuta misozi, anakwawira pafupi n'kuwagwira dzanja.

"Pepani adona, mwaipeza yosakolopa. Masiku ena imakhala bwino."

"Musadandaule mayi, pepani ndinu," anatero a Nércia. Anaika chipepeso m'mbale, anakhalako pang'ono, n'kutuluka.

Zimene zinayankhulidwa panja ndinazimva ndekha, chifukwa ndinali nditapita kukasonkhezera moto kuseri kwa mpanda.

"Ndi zinthu zochitika izi," ankatero a Timóteo. "Tipaka penti, tiitana abambo mfumu adzawaze madzi odalitsa, basi."

"Pamene pali bokosipo ndi pamene ndimati ndiike tebulo," anayankha akazi awo. "Muzidzadyera nokha."

"Madamu, mtengo tikhoza kukambirananso," analowererapo Ezequiel.

"Iwe, vula chipewa," anatero a Nércia. "Uli pamaliro."

Kale kumudzi nyumba ya siwa ankaigwetsa mwambo ukatha. Ya mabuloko ndi malata sigwetsedwa, imangokhala, ndipo tauni yonse imadziwa. A Arcanjo anabwera kudzaika nawo maliro nkhope ili gwa. Ukali wawo unalibe poutulira. Akanakalipira ndani? Mphakati wonse? Kuthamangitsa mayi wamasiye wa msuweni wawo tsitsi lisanamere kukanawachititsa manyazi mpaka ku Tete. Kuisiya yopanda munthu, zitseko zikanapita. Ndiye anawaitanira pambali a Zeferina n'kunena mofatsa, ngati akupereka mphatso:

"Alamu, khalani kaye pompano mpaka anthu aiwale."

A Zeferina anagwada n'kuwomba m'manja.

Papita zaka tsopano. Matalyau afika mpaka kuphiri, ndipo pamene tinkatola nkhuni pali nyumba yosanja ya munthu amene sitinamuonepo. Mtengo wa nyumba ya a Arcanjo ukukwerabe pakamwa, moti iwo amauza anzawo kuti akudikira dala. A Zeferina akusesabe, akuthirirabe, chaka chatha anamata okha mng'alu wa pakhonde. Malipiro ndi omwe aja.

Ezequiel sanataye mtima. Poti a m'tauni muno onse amadziwa, amabweretsa ochokera kutali. Poyamba anayesa kuwatuma a Zeferina ku msika nthawi yobwera alendo, ndalama ya tomato atawapatsa. Iwo anakana mwaulemu, anati alendo angafike pakhomo popanda wowapatsa madzi? Choncho amawalandira okha. Amawatsegulira chipinda chilichonse, amawaonetsa kuti denga silidontha, kuti chitseko chakumbuyo chimafuna kuchikweza pang'ono potseka. Sanena bodza, ndipo nyumbayo amaiyamikira kuposa mmene Ezequiel angathere.

Mwezi wathawu ndinapezekapo, nditapita kukabwereka sefa. Kunabwera mwamuna ndi mkazi achinyamata, ogwira ntchito ku banki ku Tete. Mkaziyo anaima pakati pa chipinda chochezera n'kutambasula manja.

"Koma ndiye n'chachikulu!"

"Chachikulu zedi, mwanangu," anatero a Zeferina. "Pa maliro a bambo akunyumba tinakwana amayi onse a mphakati, kuphatikiza a Lejiyo, ndipo bokosi linali pomwe mwaimapo. Palibe anapanikizika."

Mtsikanayo anasuntha mapazi. Anathokoza madzi, anati akaganiza kaye, ndipo galimoto inanyamuka mofulumira kuposa mmene inabwerera.

Ezequiel anakhala pa khonde, mafoni onse awiri ali m'manja, ngati munthu amene waphonya shapa, minibasi yomaliza ya ku Tete.

"Amayi, ndakulakwirani chiyani ine? Simungangonena kuti chipindachi n'chachikulu, n'kulekera pomwepo?"

"Anena okha kuti n'chachikulu," anayankha a Zeferina. "Ine ndimangowathandiza kudziwa kuti n'chachikulu bwanji."

"Nanga anthu aiwala liti mukamatero?"

"Aaa, mwanangu, zimenezo ndi za anthuwo. Ine mwamuna wanga sindinamuiwale."

Analowa m'nyumba kukamutengera chimanga chowotcha, poti mnyamatayo anali asanadye chichokere m'mawa. Ezequiel anadya, anadandaula kuti n'chouma, anatenganso china choika m'thumba. Atapita, a Zeferina anandifunsa ngati ndili ndi mbewu ya mapichesi. Akufuna kudzala mitengo kumbuyo kwa nyumba, ndipo mapichesi sabereka msanga.