Waya Umodzi, Shire Atadzaza

Sukulu ya mishoni ndinaisiya nditatopa ndi ndodo ya mphunzitsi. Ntchito ndinakaipeza kunyumba ya lamya ku Chikwawa. Waya wa telegalafu unali umodzi wokha, wotsika ndi mtsinje mpaka ku Chiromo. Kalaliki wamkulu, bambo wamantha kwambiri, anali ndi lamulo lake: waya ukamagogoda uthenga, manja kumbuyo, dikira.

Chaka china mzungu wa mawaya anadzalumikiza kabokosi ndi foni pa waya womwewo. Anati kugogoda kwa telegalafu kumayenda pansi ngati ng'oma yaikulu, mawu a munthu pamwamba ngati kang'oma, ndipo kabokosiko kamalekanitsa ziwirizo kuti zisagundane. Atangochoka, akalaliki anafunditsa foniyo nsalu.

M'mawa wina Shire anatsika ali psuu, atanyamula nthochi ndi mizu yomwe. Mayi anga anali kumunda, pachilumba cha m'dambo pafupi ndi Chiromo. Madzi otere amafika kumeneko dzuwa lisanalowe. Waya unali kugogoda uthenga wa kampani ya thonje, wautali ngati ulaliki.

"Bambo, ndiloleni ndiimbe. Ku Chiromo atumize bwato."

"Dikira uthe."

"Utha liti?"

"Iwe, anthu awiri amayankhula ndi pakamwa pamodzi? Ukaononga uthengawu, wochotsedwa ntchito ndine."

Ndinadikira. Chimenechi chimandipweteka mpaka lero. Ndinaima manja kumbuyo ngati chitsiru, ndikuona pazenera mbuzi yakufa ikudutsa m'madzi. Kenaka linadutsa denga la nkhokwe.

Ndinachotsa nsalu ija n'kupukusa chogwirira cha foniyo kuti ndiimbe.

"Mwana wopanda mwambo!"

"Lembani thonje lanulo, bambo."

M'khutu munali phokoso ngati la mvula. Ndinakuwa katatu. Kenaka ka mawu kakang'ono kanayankha m'Chisena, anali kalaliki wa ku Chiromo. Ndinamuuza za madzi ndi dzina la chilumba. Pambali panga telegalafu inkangogogoda, akalaliki athu akulembabe.

Atamaliza anawerenga uthengawo kawiri. Panalibe chilembo chosowa. Sanandiyang'ane.

Dzuwa litapendeka foni inalira, anali kalaliki wa ku Chiromo uja. Bwato linawapeza mayi madzi ali m'chiuno, atasenza nkhuku m'dengu. Mayi wina amene ankalima nawo anali atapita kutsidya la chilumba, bwato silinamupeze.

M'mawa mwake ndinapeza foni ija yafunditsidwanso nsalu. Ndinaichotsa n'kupukutira mapazi.